Tinjira tafumbi ta njinga ku Thyolo ndi ku Mulanje: ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa pa Luchenza

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine kwathu ndi ku Kasungu, koma ntchito yauphunzitsi inandibweretsa kuno ku Luchenza chaka chatha. Mwezi wa Epulo ndinakwera minibasi kupita ku Limbe n'kukagula njinga yakaunjika, ija ya matayala onenepa okhala ndi mano, ya magiya 21. Cholinga chinali choti ndizipitira kusukulu basi. Koma m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko, nkhungu ikangoyalula, phiri la Mulanje limakhala lili apo, ndipo mtima sukhalanso m'malo. Kwathu dziko ndi lathyathyathya, umapalasa mpaka dzuwa kupendeka osatsikapo pa njinga. Kuno n'kwina. Kulikonse kumene ungaponye maso kuli kanjira kofiira kokwera chitunda, kakulowa m'minda ya tiyi kapena m'chinangwa, ndipo ndimalakalaka kudziwa kumene tinjira timeneti timathera.

Pa tala ndatopapo. Msewu wa M2 ndaupalasa kangapo mpaka pa Chitakale, koma maminibasi ndi mathiraki opita ku Muloza amakudutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake imakukankhira kumbali. Munthu supuma bwino, khutu limangokhala kumbuyo.

Loweruka lina mu Juni ndinayesa ndekha. Ndinalowera cha ku Thyolo n'kupatukira kamsewu kena kafumbi kolowa mu esiteti ina. Usiku wonse kunali kukuwaza chiperoni. Poyamba zinali bwino: tiyi wobiriwira mbali zonse ngati wometedwa ndi lumo, kafungo ka bulugamu, kuli zii. Nditatsikira kukhwawa, katondo anayamba kumata tayala. Sindinapite patali, tayala lakumbuyo linangoti nji, matope atadzaza pakati pa tayala ndi mabuleki mpaka tcheni osaonekanso. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba kukokota. Ndili mkati mokokota anatulukira mlonda, bambo wachikulire wovala jombo ndi chijasi. Sanandikalipire ayi. Anandipatsa moni, kenako anandifunsa kumene ndinkapita ndi amene anandiloleza kulowa. Ndinalibe choyankha. Anandithandiza kunyamula njinga mpaka pamtunda n'kundilozera njira yotulukira. Theka la ulendo wobwerera ndinayenda chokankha, ndipo chimene chinkandipweteka si miyendo, koma kuti ndinalowa pamalo pa eni ake ngati ndikulowa m'tchire.

Ndiye ndabwera kwa inu eni dera. Misewu ya m'maesiteti ija munthu wamba amaloledwa kupalasamo? Ngati amaloledwa, amapempha kwa yani? Ku Dziwe la Nkhalamba, dziwe lija la m'phiri la Mulanje, njinga imafika? Ndinamvanso kuti pali njira yozungulira phiri lonse kudzera pa Fort Lister. Kodi ndi ya tsiku limodzi kwa munthu amene miyendo yake inazolowera chigwa? Nanga katondoyu ali ndi nzeru yake, kapena n'kungodikira chilimwe?

Makanika wa pa Chitakale

Aphunzitsi, takulandirani kwathu kuno. Ine ndinapalasa kabaza zaka 8 pakati pa Chitakale, Likhubula ndi boma, pano ndimakonza njinga. Za esiteti ayankhe ena, ine ndinene za chitsulo ndi dothi.

Katondo wonyowa alibe mankhwala. Ngakhale thirakitala imavina pa iyeyo. Kukagwa mvula kapena chiperoni usiku, dikirani dzuwa liwombe kaye, mwina mpaka 10 koloko. Musanalowe njira, pondani ndi nsapato: dothi likatsatira nsapato, litsatiranso tayala. Ngati njinga yanu ili ndi madigadi, achotseni, ife a kabaza timatero dzinja lililonse. Mukadzatsikira kuchigwa cha Phalombe mudzapeza makande, dothi lakuda lija. Amenewo ndiye oposa katondo, akanyowa amakuvula ndi nsapato yomwe, akauma amang'ambika ming'alu yoti tayala limalowa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kupatula masiku a chiperoni. Seputembala ndi Okutobala njira zimakhala zouma gwa, koma dzuwa lake si lamasewera, muzinyamuka 5 koloko.

Chimene chimagwetsa anthu kuno si chitunda, ndi mtsetse. Pa chitunda ukatopa umatsika n'kukankha, palibe chimachitika. Koma pa mtsetse wa timiyala, munthu akaona kuti njinga yathamanga amafinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, basi wawuluka. Tsitsani chishalo pang'ono, thupi libwerere kumbuyo, zigongono zikhale zopinda, mabuleki onse awiri muziwagwira mwapang'onopang'ono musanafike pokhota, osati muli kale pokhota. Malabala a mabuleki amatha msanga kuno chifukwa mchenga wa m'mitsinje yochokera m'phiri umadya labala ndi limu yomwe. Muziyenda ndi apadera m'thumba.

Tsopano pitani mukaone nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala lanu. Ikakhala 26, muli ndi mwayi, chubu chake mupeza pa Chitakale, pa Limbuli, pa Phalombe, paliponse pali msika. Ikakhala 27.5 kapena 29, gulani machubu awiri ku Limbe musanaganize zopita kutali, chifukwa kumudzi simudzawapeza. Onaninso vavu. Njinga zambiri zakaunjika zimabwera ndi vavu yowonda ija imene pampu za m'midzi sizigwira, ndiye pampu yanu isamatsale. Mpweya musapope mpaka tayala kuuma ngati mwala monga timachitira ponyamula matumba. Pa fumbi ndi pa miyala lizikhala lofewerapo pang'ono kuti ligwire pansi.

Chinthu chimene chimandibweretsera njinga zamagiya kwambiri ndi kachitsulo kolendewera kumbuyo kaja, kosinthira magiya. Kamtengo kakangolowa m'masipoko, kamapindika kapena kuthyoka, ndiye muli pakati pa tchire. Pamenepo mumadula tcheni, n'kuifupikitsa, n'kuikoleka pa giya imodzi yapakati, mumafika kunyumba bwinobwino. Mukadzadutsa pa Chitakale dzandipezeni ndidzakuonetseni, zimenezo sindilipiritsa. Zigamba, guluu, sipanala ndi mphira ya chubu chakale zisamachoke m'chikwama. Mphira imamanga chilichonse.

Njira funsani anyamata a kabaza pa siteji. Foni idzakuonetsani mzere, koma iwowo adzakuuzani kuti ulalo wakuti unakokoloka sabata yatha.

Nambewe wa ku Thyolo

Achimwene aphunzitsi, ndakondwa kuti mwafunsa, chifukwa ambiri safunsa. Ine sindine wa njinga zamasewerazi, njinga yanga ndi yopitira kumsika wa Bvumbwe ndi kutchalitchi. Koma ndinabadwira m'tinjira timene mukutisirirato, ndipo ndikufuna mumve mbali yathu.

Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri. Ntchito imeneyo malipiro ake amatsatira kulemera kwa masamba pa sikelo. Amalowa m'munda kukali mame, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, kuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga kake, dzanja ili ndi ili, mpaka dengu litadzaza. Tsiku lina akutsika ndi dengu lodzaza kupita kokayezetsa, kumbuyo kwawo kunabwera anyamata atatu pa njinga ngati yanuyo, akuthamanga pa mtsetse, opanda belu, opanda ngakhale kukuwa. Woyamba anadutsa. Wachiwiri anakola dengu ndi handulo. Mayi anagwera m'ngalande, masamba onse mbwee m'matope. Anyamatawo anacheuka, mmodzi anakweza dzanja, n'kupitirira. Masamba amatope salandiridwa. Tsiku limenelo anagwira ntchito yaulere, ndipo bondo linawavuta mpaka mvula inatha. Ndinali mtsikana wa Sitandade 6, ndine ndinkawathowa ndi madzi otentha madzulo. Mpaka lero ndikamva tcheni ikulira kumbuyo kwanga pa mtsetse, thupi limachita tsemwe.

Ndiye choyamba, gulani belu. Ndi yotchipa kuposa chilichonse chimene a makanika atchula. Muziliza mukadali patali, ndipo mukayandikira munthu muchepetse liwiro mpaka muthe kupereka moni n'kumva yankho lake. Mayi wosenza nkhuni kapena ndowa sangatembenuze khosi msanga. Ana akamva njinga amathawira mbali iliyonse, ena amabwera kumene kuli inuko. Pena mudzakumana ndi njinga yonyamula wodwala kupita ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma, wina akukankha, wina atagwirizira wodwalayo. Inu mwabwera kudzasangalala, iwo ali pa ulendo wa moyo. Apatukireni ndinu.

Mukaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, mukudziwa kale kuti pali maliro, ndi ku Kasungu komwe amatero. Tsikani, vulani chipewa chanu cha njingacho, mukankhe mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Ndanena chifukwa ndinaonapo ena atavala magalasi akuda akudutsa pakati pa anamfedwa ali chipalasire. China ndi ichi: kuno ku Thyolo malo ndi ochepa, anthu analima mpaka m'mapiri, mitengo yachilengedwe inatsala pang'ono. Mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda, kawirikawiri amakhala manda. Musakapumemo, musakadzithandizemo. Ndipo njira ikakutherani, musadule m'munda mwa munthu. Kamunda kamene mukukaona ngati kopanda kanthu kali ndi nandolo, chinangwa ndi mbatata za banja lonse.

Za funso lanu la maesiteti. Misewu ina ikuluikulu yodutsamo anthu tonse timayendamo, chifukwa ndi yomwe imapita kumidzi, kusukulu ndi kuzipatala. Mudzaizindikira poona a kabaza ndi ana asukulu. Koma tinjira ta pakati pa tiyi, topita kufakitale, kumadamu ndi kunazale ndi ta kampani. Mlonda uja sanalakwitse, akanakusiyani akanafunsidwa ndi iyeyo. Pitani pa geti, nenani dzina lanu ndi kumene mumaphunzitsa, pemphani kuonana ndi a ku ofesi. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, ndipo ku Lujeri ku Mulanje nakonso kuli malo ogona alendo, ndiye kumeneko pempho lotere silachilendo. Akakulolani, chenjerani ndi mathirakitala onyamula masamba, makamaka nthawi ya mvula pamene tiyi amachuluka. Ndipo musajambule anthu ali pa ntchito musanawapemphe. Mayi anga zimenezo ankadana nazo kuposa mvula.

Mwana wa pa Likhubula

Zimene anena achemwali a Nambewe ndi zoona zokhazokha, sindionjezerapo. Ine ndimaperekeza alendo m'phiri, ndiye ndiyankhe za Dziwe ndi Fort Lister.

Pamwamba pa phiri si pa njinga. Njira za Skyline ndi Chapaluka zokwerera ku Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili, ndi miyala yokhayokha, pena umagwira ndi manja. Amene anaonerapo mpikisano wothamanga wa Porters Race mu Julaye akudziwa mmene zilili. Palasani kuchokera pa Chitakale mpaka pa Likhubula, ndi makilomita pafupifupi 10, mukalembetse ku ofesi ya zankhalango, musiye njinga pamenepo, muyende wapansi. Ku Dziwe la Nkhalamba ndi pafupifupi ola limodzi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso ndi ozama, ngati kusambira simukudziwa bwino ingokhalani pamwala muviike mapazi. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Kwa ife ndi malo aulemu kuyambira kale, makolo athu ankapereka nsembe mmenemo. Mkungudza umene unalipo wambiri unatha ndi macheka, umene mudzaone ndi wobzala, ung'onoung'ono. Sitifuna matayala pa mbande zimenezo.

Kumunsi kwa phiri ndiye kwanu. Kuzungulira kumatheka. Kuchokera pa Chitakale kudutsa Likhubula mpaka pa Phalombe, Chambe ali kudzanja lamanja ngati khoma, pamenepo mtima umakhala m'malo. Pa Phalombe mumapatuka kukwera mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ndi msewu wafumbi, wamiyala, wokwera ndithu. Pamwamba pake pali mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi anamanga mu 1893 kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsamo anthu kupita kunyanja yamchere ku Mozambique. Inu aphunzitsi muyenera kuimapo, mudzakhala ndi chouza ana. Kuchoka apo mumatsikira mbali ya Nkhulambe, n'kulowera kumwera mpaka ku Muloza, kenako tala kudutsa Limbuli ndi Mimosa kubwerera pa boma. Ulendo wonse umapitirira makilomita 100.

Koma mbali ya kuseriyo musaitenge mopepuka. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagumula phiri malo ambiri. Mitsinje ina inasiya njira zake, pamene panali minda pali miyala ikuluikulu ngati nyumba, ndipo ku Nkhulambe kunafa anthu ambiri. Akuluakulu a ku Phalombe amakumbukanso napolo wa mu 1991. Mukamadutsa malo oyera miyala amenewo dziwani kuti pena mukudutsa pamene panali mudzi. Musakafunse anthu mafunso ambirimbiri, aliyense kumeneko anataya wake.

Mitsinje ya m'phiri ili ndi khalidwe lake. Pansi pakhoza kukhala dzuwa, koma pamwamba, cha ku Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya mamita 3,002, mvula ikugwa. Madzi amabwera kamodzin'kamodzi. Mukaona mtsinje wasanduka wofiira, kapena mukumva miyala ikugundana pansi pa madzi, musawoloke, dikirani. Powoloka mtsinje wabwinobwino, njinga izikhala kumunsi kwa madzi, inu kumtunda, kuti ikakokedwa isakugwetseni. Chenjeraninso ndi njinga za makala ndi matabwa zotsika m'mawa. Zambiri mabuleki ake ndi phazi pa tayala, sizingaime ngakhale mwini wake atafuna. M'tchire la m'mbali mwa mitsinje muli chitedze nthawi yachilimwe, musagoneke njinga paliponse.

Ine ndikuti masiku awiri. Mugone pa Phalombe, mpatawo muukwere m'mawa kukali kozizira. Ndipo musapite nokha.

Makanika wa pa Chitakale

Achimwene a pa Likhubula, pa masiku awiripo ndikuvomera kwa aphunzitsiwa, koma tsiku limodzi limatheka. Ine ndinazungulirapo ndi njinga yopanda magiya, kunyamuka 4 koloko m'mawa, kufika dzuwa litalowa. Kungoti nthawi imeneyo Freddy anali asanabwere, ndipo miyendo inali ya kabaza. Aphunzitsi ayambe ndi maulendo afupiafupi mwezi wathunthu, aphunzire kutsika mtsetse kaye. Fort Lister sathawa.

Mphunzitsi wa pa Luchenza

Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala chete masabata atatu chifukwa ndimafuna ndibwere ndi chonena.

Tayala langa ndi 26, vavu ndi yonenepa, ndiye pamenepo ndapuma. Belu ndinagula tsiku lomwe ndinawerenga za mayi anu, achemwali a Nambewe. Nkhani imeneyo sinandichoke m'mutu. Ndinaiwerenga kawiri, ndipo ndinakumbukira kuti tsiku la katondo lija, ndisanatitimire, nanenso ndinatsika mtsetse uja mothamanga osaganiza kuti pokhota pangakhale munthu. Kunalibe munthu, koma sikuti ndinasamala ine. Pepani kwambiri chifukwa cha zimene zinawachitikira mayi.

Loweruka lapitali ndinapita ndi mphunzitsi mnzanga wa ku Chonde, amene anakulira konkuno. Tinafika pa Chitakale 7 koloko isanakwane, tinamwa tiyi ndi mandasi, kenako tinafunsa anyamata a kabaza njira yafumbi yolambalala tala. Mmodzi anatijambulira pansi ndi kamtengo, natiuza kuti pa ulalo wachiwiri titsike chifukwa mtengo umodzi ndi wowola. Tinaupezadi momwemo, mitengo inayi ya bulugamu yoyalidwa, wachitatu utafumbwa pakati. Tikanabwera chipalasire tayala likanalowa.

Njirayo inali ndi zonse. Poyamba katondo wouma, wosalala ngati simenti, njinga imangoyenda yokha. Kenako mchenga wa m'khwawa umene unandigwira tayala lakutsogolo mpaka ndinaponda pansi. Kenako chitunda cha miyala chimene ndinakwera theka pa giya yopepuka, theka chokankha, mtima ukugunda m'makutu. Pamwamba pake tinapeza mayi akugulitsa nanazi pa kathandala. Anatisendera chimodzi ndi chikwanje, madzi ake akuyenderera m'zigongono, Chambe ali patsogolo pathu, nkhungu itamumanga m'chiuno. Anatifunsa ngati tikupita kumaliro kapena kumsika. Titati tikungoyenda, anaseka, n'kutiuza kuti tikafika pa mjigo tikhotere kumanzere, chifukwa kumanja njira imathera pakhomo pa amfumu.

Pa mtsetse wobwerera ndinachita monga ananenera a makanika, chishalo pansi, thupi kumbuyo. Pokhota pena ndinaliza belu ndisanaone munthu. Nditakhota ndinapeza agogo atasenza mtolo wa nsungwi zazitali zopingasa njira yonse, atayamba kale kutembenuka pang'onopang'ono chifukwa anamva belu. Ndinaima, ndinatsika, tinapatsana moni. Anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditati ndine mphunzitsi wochokera ku Kasungu, anati mdzukulu wawo ali Fomu 2 ndipo masamu akumuvuta. Tinacheza mpaka mnzanga anabwerera kudzandiyang'ana.

Ku Dziwe tinapita wapansi, njinga tinasiya ku ofesi. Madzi aja ndinangoviika mapazi, anachita dzanzi nthawi yomweyo.

Kalata yopempha kupalasa mu esiteti ija ndalemba, ndikaipereka pa geti Lachisanu ndikaweruka, ndipo ndikufuna ndikawapezenso bambo mlonda aja ndiwathokoze. Za Fort Lister tagwirizana ndi mnzanga kuti tidzapite tchuthi cha Ogasiti, masiku awiri, kugona pa Phalombe. Achimwene a pa Likhubula, ikadzayandikira nthawiyo ndidzakufunsani za mitsinje ya mbali ya Nkhulambe. A makanika, malabala akumbuyo atha kale mbali imodzi, ndipo giya yachitatu ikudumpha ndikamakwera chitunda. Loweruka likubwerali mudzakhalapo m'mawa?

Makanika wa pa Chitakale

Ndidzakhalapo kuyambira 6 koloko. Labala kutha mbali imodzi ndiye kuti buleki yapendekeka kapena limu yapindika, tidzaona ndi masipoko omwe. Musaitsuke njingayo, ndikufuna ndione pamene matope akumata. Mubwere ndi tcheni chakale ngati muli nacho, tidzaphunzirire pa chimenecho kudula.